Wotula Ndowa Sathawa

M'mphala mwathu, kanyumba ka anyamata kamene kanali kuseri kwa nkhokwe za bambo, munapachikidwa kagalasi kong'aluka ka minibasi, kaja woyendetsa amaonerapo zam'mbuyo. Anabwera nako ndi msuweni wanga Bonifasi atachotsedwa ntchito ya ukondakitala pa msewu wa ku Chipata, ndipo ankati imeneyo ndiyo penshoni yake. Ukadziyang'anira pamenepo nkhope inkaoneka yaing'ono ndi yakutali, ngati ya munthu amene basi yamusiya. Pansi pa kagalasiko, pa njerwa, pankakhala chipeso cha mano ogweluka ndi kabotolo ka mafuta odzola kamene tinkakokota ndi chala mpaka pansi. M'nyumbamo munkanunkha mphasa yakale, nsapato za mphira ndi utsi wa fodya wopichira. Ndaphunzirako m'malo angapo pa moyo wanga, kuphatikizapo koleji ina imene ine ndi iyo tinasiyana mwamtendere m'chaka chachiwiri, koma palibe sukulu imene ndinatchera khutu ngati imeneyo. Phunziro lake linali limodzi basi: kafunsiridwe ka mtsikana.

Chinali chaka chimene mvula inatinamiza, chija tinadya chimanga chachikasu chochokera kunja. Okotobala anafika ndi ukali wake wonse. Nyenje zinkalira mpaka m'mutu kumveka ngati muli waya, tchire lonse linali lupsa lokhalokha, ndipo kamvuluvulu akadutsa ankatisiyira phulusa m'mano. Zitsime za m'midzi yathu ya kwa Mwase zinauma chimodzichimodzi, mpaka tonse, ife a tsidya lino ndi Angoni oweta ng'ombe a tsidya lija, tinatsala ndi dzenje limodzi pakati pa dambo. Madzi ake ankatuluka monyinyirika ngati munthu wopemphedwa mchere. Akazi ankakhala pamzere dzuwa likuwaswa pamutu, n'kumatapa ndi chikho pang'onopang'ono. Popeza mtunda unali wautali, panalibe wotenga kandowa kakang'ono. Ankasenza ndowa zazikulu zachitsulo, zodzaza mpaka m'milomo, ataika masamba pamwamba kuti madzi asatayike. Ndowa yotero munthu sadzisenzetsa yekha, ndipo sadzitula yekha. Pachitsime ankasenzetsana, kunyumba ankatulana, koma pakati pa njira panalibe kupuma.

Ine ndinali mu giredi naini, ndipo ntchito yanga ndikaweruka inali yothirira nazale ya fodya ya bambo m'mphepete mwa dambolo, ndi madzi amatope a m'kadzenje kathu kamene ngakhale mbuzi zinkakanyoza. Bambo anali atalonjeza kuti mbande zikafika zamoyo cha kumapeto kwa mwezi, adzandibwereka njinga yawo pa tsiku la ufulu kuti ndikaone zochitika ku boma. Iwo ankaganiza kuti mwana wawo wakonda ulimi. Zoona zake n'zakuti njira ya akazi a tsidya lija inkadutsa pafupi ndi nazaleyo, ndipo m'njiramo munkadutsa Towela.

Towela anali mwana wa a Zimba, a khola lalikulu. Tinaphunzira limodzi mpaka giredi seveni, ndipo nthawi imeneyo ndinkangomudziwa ngati mtsikana wondiposa masamu, chinthu chimene sichibweretsa chikondi. Koma chaka chimenecho ndinamuona akutuluka m'dambo ndowa ili pamutu, msana uli chilili, kadontho ka madzi kakutsika patsaya, ndipo keni yothirira inandilemera mwadzidzidzi. Kuyambira tsiku limenelo mbande zina zinkamwa kawiri, zina osalawa n'komwe. Ndikanapitiriza kumuyang'ana chapatali mpaka ukalamba, chifukwa ndinali wokhutira ndi udindo umenewo, koma mlongo wanga Enelesi anabwera kuchokera kuchitsime ndi nkhani yakuti mvula ikangogwa, Towela akupita ku Kitwe kukalera mwana wa azakhali ake. Ku Kitwe anthu sankabwerako, ndipo amene ankabwerako ankabwera ndi ana kumbuyo. Choncho nkhani inakhala poyera: tsiku la ufulu linali limodzi, njinga inali imodzi, ndipo kaliyala yake inafunika kukwezapo Towela. Masiku amenewo kutenga mtsikana ku boma, kumugulira mabanzi ndi chakumwa cha m'botolo pafupi ndi msika, n'kulowa naye m'nyumba ya vidiyo ya jenereta, kunali kulengeza kwa dziko lonse. Chotsala chinali kakang'ono chabe, kumufunsa mwini wakeyo.

Bonifasi analandira mlandu wanga modekha ngati sing'anga. Anandikhazika pa mphasa, nayatsa fodya wake, nandiuza kuti mbewa yamanyazi inafera kudzenje. Kenako anatsegula nkhokwe ya mawu amene ankati anagwetsa akazi kuchokera ku Lundazi mpaka ku Chipata, siteshoni ndi siteshoni. Ndinayenera kuyamba ndi kunena kuti Mulungu anamuumba Lolemba m'mawa, dongo likadali lofewa, manja asanatope. Ndikaona kuti waima, ndimuuze kuti mano ake ndi oyera ngati mpunga wa ku Chama. Akamwetulira, ndidandaule kuti chiyambire kumuona chakudya chimandiima pakhosi, ndipo amayi ayamba kufunsa kwa aneba ngati ndalodzedwa. Mawu omaliza, amene ankawalankhula atatseka maso, anali a ntchito yake yakale: "Sisita, mtima wanga uli monga basi yam'mawa. Mipando yonse yadzala, watsala umodzi cabe, wa kutsogolo." Ndinawaloweza onse kuposa mmene ndinalowezera mitsinje ya m'buku la jogalafe. Ndinayeserera pa kagalasi, pa nthochi ya kuseri kwa bafa, ndiponso pa mbuzi yathu yaikazi, imene inandimvetsera mpaka pa mpunga wa ku Chama n'kuchokapo.

Koma chiphunzitso chachikulu cha Bonifasi sichinali mawu. Chinali ndowa. Iye ankati mtsikana umamuimitsa akuchokera kuchitsime, osati akupita, chifukwa wa ndowa yopanda kanthu amathawa, pamene wa ndowa yodzaza sangathamange, sangawerame, sangakhotetse khosi kukubisira nkhope, ndipo kulemera kwa madzi kumamufulumizitsa kuyankha. Apo anandiloza ndi ndudu yake. "Manje mvela, msuweni. Olo akupemphe bwanji, usakagwile ndowa. Ukatula, wamangika." Aliyense kwathu ankadziwa lamulo limeneli ngakhale panalibe amene analikhazikitsa: amene watula mtsikana ndowa panjira ndiye amamusenzetsanso. Sungamusiye ndi madzi amene wawadikira theka la tsiku ali pansi, opanda womukweza. Ndiye kuti ukatula, kaya kutulukire amayi ake, kaya abusa a mpingo, kaya njati yosochera ya ku Lukusuzi, uima pomwepo mpaka ndowa ibwerere pamutu. Anyamata anzeru ankalankhula manja ali m'thumba, phazi limodzi litaloza kutchire.

Ndipo chothawa chinalipo. Towela anali ndi mlongo wake wamkulu, Mabvuto, woweta ng'ombe za bambo ake, munthu wa mapewa ngati goli, woyenda ndi chibonga chakuda ndi thukuta la m'manja. Sankalankhula kwambiri, ndiye anthu ankamulankhulira. Ena ankati anathyola fisi mwendo ndi chibonga chimenecho, ena ankati anagwetsa nkhunzi pansi poigwira nyanga. Imene tonse tinaiona ndi maso inali nkhani ya Lazaro, mnyamata wa m'mudzi woyandikana nafe, amene anatula ndowa ya mkulu wake wa Towela, ndiye atamva belu la ng'ombe analiyatsa liwiro, n'kusiya mtsikanayo akutaya theka la madzi kuti athe kusenza yekha. M'mawa mwake Mabvuto anakamutenga Lazaro pakhomo pa amayi ake, osamumenya, osamutukwana, n'kumutungitsa madzi omwetsa ana a ng'ombe kuyambira dzuwa likutuluka mpaka kulowa, ndowa ili pamutu popanda nkhata, akazi onse akuombera m'manja. Lazaro anasamukira kwa amalume ake. Bonifasi ankati cholakwa cha Lazaro chinali kutula. Enelesi ankati cholakwa chake chinali kuthawa. Ine ndinaona kuti njira yabwino ndi yosachita zonse ziwiri.

Panali chulu chachikulu pamene njira inkakhota kuchoka m'dambo, ndipo kuseri kwake ndiko kunakhala ofesi yanga. Ndinkafika nditavala malaya a pa salaula, zovala zakaunjika zija, a mizeremizere ndi kolala yaikulu, nkhope ikunyezimira mafuta. Vuto linali lakuti akazi sayenda okha. Ankadutsa m'magulu, akucheza m'Chitumbuka chothamanga, Towela ali pakati ngati dzira. Ndinkawamva akubwera n'kubisala kuseri kwa chulu, akadutsa ndinkapuma ngati wapulumuka, kenako n'kuyamba kudzitukwana. Linthumbu linandiluma kuseri kwa chulucho, ndipo ndinapirira mwaulemu. Tsiku lina ndinamva mapazi a munthu mmodzi, ndinatuluka mawu a Lolemba m'mawa ali kale pamlomo, n'kupeza kuti ndi amayi ake a Towela. Ndinagwada pafumbi, ndinawapatsa monire, n'kuwafunsa ngati aona mbuzi yathu. Anandiyang'ana kuyambira kolala mpaka nsapato, nati mbuzi imeneyo iyenera kukhala yolemekezeka kwambiri ngati ikufunidwa ndi zovala zotere. Masiku ankatha. Madzulo mitambo inayamba kuunjikana chakum'mawa, ndipo pamene mudzi wonse unkapemphera kuti mvula ibwere, ine ndekha ndinkapemphera kuti idikire pang'ono.

Mwayi unabwera Loweruka masana, sabata ya ufulu itayandikira. Kunali zii, ngakhale njiwa zinali zitasiya kulira. Towela anali atabwerera kuchitsime ulendo wachiwiri chifukwa kwawo kunali alendo, ndipo anatuluka m'dambo yekha. Ndinamuona akubwera, dzanja limodzi lili pa ndowa, lina likugwedezeka, ndipo miyendo yanga inanditulutsa kuseri kwa chulu isanandifunse. Ndinaima pakati pa njira, manja m'thumba monga mwa malangizo. Iye anaima. Sakanatha kuwerama, choncho anandiyang'ana m'maso mwenimweni, chinthu chimene Bonifasi anachitchula ngati phindu koma ine ndinachiona ngati kuima pamaso pa woweruza.

Ndinamupatsa moni pomutchula NyaZimba, monga amachitira anthu akuluakulu, ndipo ndinayamba. Za Lolemba zinatuluka bwino, kungoti ndinati Lachiwiri. Za mpunga wa ku Chama ndinazinena pakamwa pake pali potseka, moti panalibe umboni. Sanamwetulire, koma ndinapitirira ku chakudya choima pakhosi, chifukwa ndinalibe njira ina. Ndinali ngati ngolo yotsetsereka. Nthawi yonseyi ndinkaona zimene sindinauzidwe m'mphala. Mitsempha ya m'khosi mwake inali itatuluka. Nkhata inali itanyowa, ndipo madzi ankatsikira m'diso lake, iye osatha kupukuta. Dzanja limene linagwira ndowa linayamba kunjenjemera pachigongono. Anali atachoka nayo kutali ndowayo, ndipo ine ndinaima apo ndikumuuza za basi. Nditafika pa mpando wa kutsogolo mawu anandithera.

"Mwamaliza?" anafunsa.

Ndinati ndatsala pang'ono.

"Sono ngati mukali na nkhani, nituleni. Khosi si lanu ili."

Ndinamva mawu a Bonifasi m'khutu, ndinaona Lazaro akudutsa ndi ndowa yopanda nkhata, ndipo ndinaonanso manja anga akutuluka m'thumba. Ndinagwira ndowayo kumlomo ndi pansi, iye anapinda maondo, ndipo tinaitsitsa limodzi mpaka pafumbi. Inali yolemera kuposa mmene ndinkaganizira kuti chinthu chilichonse chonyamulidwa ndi mtsikana chingalemerere. Anapukusa khosi uku ndi uku, anapukuta kumaso ndi nsonga ya chitenje, nathyola kaudzu n'kuyamba kukaluma, akuyang'ana pansi tsopano. Pamenepo ndi pamene ndinayenera kufunsa funso langa. Ndinatsegula pakamwa, ndipo m'malo mwa mawu anga kunamveka belu.

Linali kutali pang'ono, kuseri kwa mitengo, koma aliyense ankalidziwa belu la ng'ombe yotsogolera ya a Zimba, logonthagontha ngati chitini. Kenako fumbi, fungo la ndowe ndi thukuta la ng'ombe, ndi likhweru limodzi lalifupi. Towela anasiya kuluma udzu. Sanandiuze kuti ndithawe, sanandiuzenso kuti ndiime. Anangoyang'ana ndowa, kenako ine. Kumanzere kwanga kunali tchire lopserera, loyera mpaka kumudzi kwathu, ndipo ndinali wothamanga bwino. Tikanathanso kusenza msangamsanga, koma ndowa yodzaza sifuna phuma, ndipo nkhata inali itamasuka m'manja mwake. Anayamba kuipinda pang'onopang'ono, ngati munthu amene alibe kopita. Mpaka lero ndimakhulupirira kuti ankachita dala.

Pa nkhani ya kulimba mtima ndisanamizire miyendo yanga. Sinaime chifukwa cha chamuna; inangouma ngati mbande zosathirira. Ng'ombe zinatizungulira, zowonda, nthiti zili poyera, ndipo zitamva fungo la madzi zinayamba kulunjika pa ndowa. Ndinapezeka ndaima kutsogolo kwake, ndikukankha mphuno zonyowa ndi manja, ndikukalipira nkhunzi imene ikanatha kundiponya pamwamba pa chulu. Mabvuto anatulukira kumbuyo kwa gululo. Anaimba likhweru, ng'ombe zinapatuka, ndipo iye anaima patsogolo pathu, chibonga atachipingasa pamapewa, manja atawakoleka pamenepo. Anayang'ana ndowa ili pansi. Anayang'ana mlongo wake. Anayang'ana kolala yanga kwa nthawi yaitali kwambiri. Ndinati monire akulu, ndipo mawu anatuluka a mwana wa giredi wani.

Towela anaika nkhata pamutu n'kugwada bondo limodzi. Ndinagwira ndowa, ndinakoka mpweya, ndipo ndinainyamula, maso a Mabvuto ali pamsana panga ngati dzuwa lachiwiri. Madzi pang'ono anandikhuthukira m'malaya, koma ndowa inakhala pamalo pake, ndipo Towela anaimirira. Ntchito yanga inali itatha, ndipo malinga ndi lamulo ndinali mfulu. Koma ndinadziwa kuti chulu chimenecho sindidzabwererakonso, ndipo mawu onse okongola anali atatha ntchito. Choncho ndinalankhula zimene zinatsala, ndikuyang'ana pakati pa awiriwo, pamene panali mchira wa ng'ombe. Ndinati pa tsiku la ufulu ndikupita ku boma, njinga ili ndi kaliyala, ndipo ndikanakonda kuti a NyaZimba akwerepo.

"Njinga ni yako?" anafunsa Mabvuto.

Ndinati ndi ya bambo.

"Mabuleki?"

Ndinaganiza zonama, koma chibonga chinali pafupi. Ndinati lakumbuyo limagwira.

"Yayi," anatero Towela, asanafunsidwe kachiwiri. "Ine nilibe nthawi ya vopusa." Ndipo anadutsa pambali panga, madzi osagwedezeka ngakhale pang'ono. Mabvuto anatsatira ng'ombe zake osatembenuka.

Masiku otsatirawo ndinadwala matenda amene ndinkanama aja. Chakudya chinayambadi kuima pakhosi. Bonifasi anaunika mlanduwo n'kuutseka: ndinatula ndowa, ndinasokoneza masiku a chilengedwe, ndinafunsira pamaso pa mlongo, ndipo iye sakanatha kuvomera kuti ndinaphunzira kwa iye. Anandilangiza kuti ndizigona ndi nsapato kuti Mabvuto akabwera m'mawa ndisavutike. Enelesi anaseka mpaka kukhala pansi, nandifunsa kuti ndinkafuna mtsikana anene chiyani mlongo wake ali chilili pomwepo. Ndinamufunsa ngati ndiye kuti wavomera. Anati iye sananene zimenezo. Pali yayi wa mwambo, pali yayi weniweni, ndipo wofunsira ndi amene amayenera kusiyanitsa. Ndinabwereza yayi ameneyo m'mutu mwanga m'mamvekedwe onse, pothirira fodya, m'kalasi, m'tchalitchi. M'mawa uliwonse galu akauwa ndinkadzuka ndikuyembekeza chibonga pachitseko. Sichinabwere, ndipo kusabwerako kunandiopsa kuposa.

Mbande zinapulumuka, zambiri mwa izo, ndipo bambo anasunga lonjezo. Pa tsiku la ufulu ndinatsuka njinga, ndinamanga kansalu kopindapinda pa kaliyala, ndipo ndinakaima pamphambano pamene njira ya tsidya lija imakumana ndi msewu wa ku boma. Ndinalibe pangano ndi munthu. Anthu ankadutsa, apansi, apanjinga, ana asukulu ndi timbendera tamapepala, ndipo aliyense ankandifunsa ngati tayala laphwa. Ndinapopa matayala olimba kale kuti ndioneke wotanganidwa. Dzuwa litakwera, nditayamba kukonza bodza lokauza Bonifasi, ndinaona anthu awiri akubwera m'njira ija. Towela anali atavala diresi lobiriwira lositidwa bwino, mizere ya simbi ikuoneka. Pambali pake panali Mabvuto, akukankha njinga yake, atavala jekete pa kutentha konseko. Chibonga anachimangirira pa felemu.

Mabvuto anafika, nafinya mabuleki a njinga ya bambo limodzilimodzi, nagogoda kaliyala ndi chala. "Mdumbu wane sakwela njinga ya buleki imodzi," anatero, akuloza mlongo wake. Anapereka njinga yake kwa Towela, amene anakwera n'kuyamba kupalasa ngati anabadwira pa chishalo. Kenako Mabvuto anakhala pa kansalu kanga kopindapinda, tayala lakumbuyo n'kuphwatalala, nandimenya pamsana. "Tiye, mlamu. Palasa."

Amene amaudziwa msewu umenewo akudziwa kuti uli ndi mchenga ndi zitunda zosaoneka ndi maso, zimene zimadziwika ndi ntchafu zokha. Ndinapalasa munthu ameneyo, mawondo akulira, thukuta likusungunula mafuta onse a m'mphala n'kuwatsitsira m'maso. Iye ankapereka moni kwa odutsa ngati bwana ali m'galimoto. Towela ankatsogola, diresi lobiriwira likuchepa patsogolo, kenako n'kutidikira pamthunzi. Pa chitunda china chachikulu ndinalephera, tinatsika, ndipo Mabvuto analowa patchire kukadzithandiza. Tinatsala awiri, aliyense atagwira njinga yake.

"Za mpunga wa ku Chama zija," anatero Towela, "anakuphunzitsani ni a Bonifasi." Sikunali kufunsa. Anandiuza kuti mawu amenewo anauzidwapo mkulu wake, msuweni wake, ndi mayi wina wamasiye wa m'kwaya, ndipo kuchitsime akazi akatopa ndi mzere amawalakatula mosinthana, wina kukhala basi, wina kukhala mpando. "Sono imwe mulibe mau yanu-yanu?"

Ndinafufuza m'mutu monse. Munalibe dongo, munalibe mpunga, munali kupuma kwa wefuwefu basi. Ndinati, "Alongo anu alema monga matumba awili a feteleza."

Anaseka mpaka njinga inamupulumuka n'kugwera mumchenga. Mano ndinawaona tsiku limenelo, ndipo pa nkhani ya mpunga Bonifasi sananame.

Za ku boma ndikukumbuka zochepa: ng'oma, fumbi la pabwalo la mpira, fungo la nyama yootcha kumsika, ndi Mabvuto atakhala pakati pathu m'nyumba ya vidiyo, akudya mabanzi amene ndinagulira mlongo wake. Koma dzuwa litapendeka, titatuluka pa msewu wobwerera, iye anatenga njinga yake m'manja mwa Towela, anakwera yekha, n'kupalasa mpaka anangokhala kadontho kutsogolo, kooneka koma kosamva. Towela anakonza kansalu kaja, kamene kanali kataphwanyika ngati chikondamoyo chopondedwa, n'kukhala chammbali. Pa chitsetse anagwira malaya anga kumsana nati, "Pachoko pachoko," kutanthauza pang'onopang'ono, ndipo ndinamvera ndi mtima wonse, chifukwa sindinkafuna kufika.

Mvula inagwa m'mwezi wotsatira, ndipo Towela anapita ku Kitwe monga Enelesi ananenera. Sanabwerere, ndipo sindikudziwa ngati tsiku lija anavomera ine kapena boma. Masiku ano m'mudzi mwathu muli mjigo pafupi ndi sukulu, madzi amatungidwa m'zigubu zotseka zimene mwana amatula yekha, ndipo palibe amene angalire chifukwa cha dzenje lija la m'dambo. Makosi a alongo athu anapuma. Adzukulu a alongo anga amafunsira pa foni, ali chogona, ndi mawu okongola kuposa a Bonifasi, otengedwa kutali kuposa ku Chipata. Akakanidwa amafufuta, n'kutumiza omwewo kwa wina. Sindiwadzudzula, mawu achikondi akhala obwereka chiyambire. Chimene ndimawamvera chisoni n'chakuti mtsikana wa mbali inayo alibenso poonera ngati mnyamatayo angaime belu likalira, ndipo mnyamatayo nayenso adzakalamba osadziwa.